Kukwera Sapitwa: Mafunso ndi Mayankho pa za Ulendo wa m'Phiri la Mulanje

Kodi Sapitwa n'chiyani, ndipo ili pati?

Sapitwa ndi nsonga yaitali kuposa zonse za phiri la Mulanje, ndipo m'Malawi monse mulibe malo ena okwera kuiposa. Msinkhu wake ndi mamita 3,002 kuyeza kuchokera pa nyanja yamchere. Phirili lili kummwera chakummawa kwa dziko, m'maboma a Mulanje ndi Phalombe, moyandikana ndi malire a Mozambique.

Woliona ali m'galimoto pamsewu wochokera ku Limbe amayesa ndi phiri limodzi la mutu umodzi. Chilipo n'chakuti ndi dziko lina losanjikizika pamwamba pa dziko linzake, lotambalala masikweya kilomita pafupifupi 650. Makoma a thanthwe amangodzuka kuchokera m'minda ya tiyi ndi ya chimanga, imene ili pa mamita 600 kapena 700. Pamwamba pa makomawo pali zidikha za udzu, madambo ndi makwawa a nkhalango, pa mamita pafupifupi 2,000. Pa zidikhazo m'pamene pamadzukanso nsonga zina pafupifupi 20 zopitirira mamita 2,500, ndipo Sapitwa ndi mkulu wa zimenezi. Motero wofuna kufika pa Sapitwa amakwera kawiri: tsiku loyamba amalimbana ndi khoma, kenako amayenda pachidikha, ndipo pomaliza amalimbana ndi nsonga yeniyeniyo. Kuchokera m'madera ambiri a m'munsi Sapitwa sioneka n'komwe. Chithanthwe chimene alendo amaloza ali ku Likhubula, kumadzulo kwa phiri, ndi Chambe, nsonga ya mamita 2,557.

Phiri lotere linapangika bwanji?

Akatswiri a miyala amati zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo, mwala wosungunuka unakwera kuchokera pansi koma sunaboole nthaka. Unazizira pang'onopang'ono uli mkati momwemo n'kusanduka thanthwe lolimba. Miyala yofewa imene inaukuta inakokoloka ndi mvula ya zaka zosawerengeka, thanthwelo n'kutsala poyera.

Mbiri imeneyi woyenda m'phiri amaimva kuphazi. Thanthwe la Mulanje ndi lokhakhala, ndipo likauma limagwira nsapato bwino kwambiri, moti munthu amayenda choimirira pamalo opendekeka amene maso akumuuza kuti sangapondepo. Likanyowa, makamaka pamene pamera ndere, limaterera ngati therere. Njira imodzimodziyo imakhala yosavuta mmawa ndi yoopsa masana, osati chifukwa yasintha, koma chifukwa mtambo wadutsapo.

Dzina lakuti Sapitwa likutanthauza kuti n'koletsedwa kupitako?

Dzinali limanena za malo amene anthu sapitako. Kwa Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe ozungulira phirili, kumtunda kuja ndi kwa mizimu ya makolo. Akuluakulu amasimba za anthu aafupi akale, Abathwa, amene ena amawatcha Amwandionerapati, ndipo amalangiza kuti munthu akapeza chakudya chokonzakonza m'phiri adye yekha mwakachetechete, osaitana anzake kapena kutengako kupita nacho kumudzi. Amanenanso kuti wochita mwano kapena phokoso kumtunda amasochera. Chifukwa cha chikhalidwe chimenechi, bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi mu 2025.

Palibe lamulo la boma loletsa kukwera Sapitwa, ndipo anthu ambiri, Amalawi ndi akunja omwe, amafikapo chaka ndi chaka. Komabe sibwino kupeputsa dzinali ngati nthano ya ana. Anthu amene analipereka ankalidziwa phiri kuposa mlendo aliyense. Kumtunda kuja kunalibe munda, kunalibe msipu, nkhuni zinali zochepa, ndipo opitako ena sankabwerako. Kaya munthu akhulupirira za mizimu kapena ayi, malangizo a makolo ndi a operekeza alendo a lero amakumana pamodzi: kupita modzichepetsa, osadzipatula pagulu, ndi kubwerera phiri likakana.

Ndani angathe kukwera? Pamafunika zingwe?

Njira ya masiku onse ya ku Sapitwa sifuna zingwe kapena zitsulo zokhoma m'thanthwe. Imafuna miyendo yozolowera chitunda, manja otha kukoka thupi, ndi mutu wosachita chizungulire poyang'ana kuphompho. Munthu wathanzi amene amatha kuyenda maola 6 kapena 7 pa tsiku, masiku atatu otsatizana, angathe. Amene ali ndi vuto la mtima, mphumu kapena maondo ayambe waonana ndi dokotala, ndipo angachite bwino kulekezera pachidikha, pamene pali zoona zambiri kale.

Zingwe ndi za malo ena. Khoma la kumadzulo kwa Chambe, lotalika mamita pafupifupi 1,700, limatchuka kuti ndi limodzi mwa makoma aatali kwambiri okwera ndi zingwe mu Africa. Amenewo ndi masewera ena, a anthu ophunzitsidwa.

Ulendo umayambira pati, ndipo umatenga masiku angati?

Ambiri amayambira ku Likhubula, kumadzulo kwa phiri, makilomita pafupifupi 10 kuchokera pa Chitakale pamsewu wopita ku Phalombe. Kumeneko kuli ofesi ya zankhalango kumene alendo amalembetsa maina, kulipira polowera ndi pogona, ndi kupatsidwa owaperekeza.

Kuchokera pa Likhubula pali njira ziwiri zodziwika zokwerera ku Chambe. Ya Skyline ndi yachidule koma yoima, ya masitepe a miyala osatha. Inatenga dzina kuchokera ku chingwe cha m'mwamba chimene kale ankatsitsira matabwa ochekedwa ku Chambe. Ya Chapaluka ndi yozungulira, imatsata mtsinje, ndipo ili ndi mthunzi ndi madzi. Zonse ziwiri zimadya maola atatu kapena anayi, ndipo munthu amakhala atakwera mamita pafupifupi 1,000. Kuchokera ku Chambe kupita ku Chisepo, nyumba imene ili m'tsinde mwa Sapitwa, ndi maola ena pafupifupi atatu, kukwera ndi kutsika m'zitunda.

Dongosolo labwino ndi la masiku anayi: kugona ku Chambe, kugona ku Chisepo, kukwera Sapitwa n'kugonanso ku Chisepo, kenako kutsika. Amphamvu amadula tsiku limodzi popita ku Chisepo mwachindunji. Ofupikitsa kuposa apa amakhala akutchova juga ndi nyengo, pakuti sasiya tsiku lodikira ngati kumtunda kwatseka.

Zipata zina ziliko. Kumpoto kuli mpata wa Fort Lister, pakati pa Mulanje ndi phiri la Michesi, pamene atsamunda anamanga linga mu 1893 pofuna kutseka njira ya amalonda a akapolo. Njira ya kumeneko imakwerera ku Sombani. Kummwera njira zimayambira m'minda ya tiyi ya ku Lujeri, ndipo kuchokera pa boma la Mulanje pali njira yoima kwambiri yokwerera ku Lichenya.

Tsiku lokwera nsonga limayenda bwanji?

Limayamba mbandakucha. Operekeza ambiri amafuna gulu linyamuke ku Chisepo kukangoyera, ndi kachikwama kakang'ono kokha: madzi, kamba, jekete, chovala cha mvula ndi tochi. Katundu yense amatsala m'nyumba.

Chigawo choyamba ndi matanthwe aakulu opendekeka, oyera mbee, opanda pogwira. Pamenepa munthu amaphunzira kukhulupirira nsapato yake, kuponda ndi phazi lonse, ndi kusagona pathanthwe chifukwa cha mantha, pakuti wogona ndiye amatsetsereka. Pena amakwawa ndi manja. Njira imadziwika ndi madontho ndi mivi ya penti yofiira imene inapakidwa pamiyala, ndipo lamulo lake n'lakuti munthu asachoke pa chizindikiro chimodzi asanaone chinzake.

Akatha matanthwe amaganiza kuti zovuta zatha. Apa m'pamene phiri limasintha nkhope. Kumtunda kuli chipwirikiti cha miyala ikuluikulu, ina ngati nyumba, yogwerana ndi kusanjikizana, ndipo pakati pake pamera timitengo topiringizika tokutidwa ndi ndere. Njira imalowa pansi pa mwala, kutulukira kuseri, kudutsa pampata woti munthu avule chikwama kuti akwane, kenako kukwera pamizu. Pansi pa miyalayi pali maenje ndi mapanga akuya amene udzu umabisa. Nsonga imaoneka ngati ili pafupi, koma ikayandikiridwa imapezeka kuti ndi ina, yeniyeni ili kutsogolo. Zimenezi zimachitika kangapo, ndipo ambiri amatha mtima ndi chinyengo chimenechi kuposa ndi kutopa.

Pansonga penipeni pali chipilala cha oyeza malo. Kukakhala kowala munthu amaona nyanja ya Chilwa kumpoto, mapiri a Zomba ndi Chiradzulu, minda ya tiyi yobiriwira kummwera, ndi mapiri a ku Mozambique kummawa. Kawirikawiri mitambo imayala pansi ngati thonje, nsonga zinazo zikutumphukamo ngati zilumba. Mphepo ya pamenepo silola kukhalitsa.

Kukwera kumatenga maola atatu kapena anayi, ndipo kutsika sikuchepera kwenikweni, chifukwa thanthwe lopendekeka limavuta potsika kuposa pokwera.

Bwanji za m'phiri amaziwerenga m'maola, osati m'makilomita?

Chifukwa kilomita ya m'phiri si ya pamsewu. Mu 1892 William Naismith, wokwera mapiri wa ku Scotland, anapereka kawerengedwe kamene oyenda m'mapiri akugwiritsabe ntchito: ola limodzi pa makilomita 5 alionse, kuonjezapo ola lina pa mamita 600 alionse okwera. Mwa chitsanzo, njira ya makilomita 7 yokwera mamita 1,000 imatenga maola atatu ndi mphindi zochepa, osawerengera kupuma.

Kawerengedweka kamagwira bwino pa njira za pachidikha. Pa Sapitwa kamanama. Kuchokera ku Chisepo mtunda wake ndi wa makilomita ochepa chabe ndipo chikweza ndi mamita pafupifupi 800, koma kukwawa, kufunafuna penti ndi kudikirana pamipata kumachulukitsa nthawi. Liwiro la gulu ndi la munthu wochedwa kuposa onse.

N'chifukwa chake gulu lanzeru limapangana nthawi yobwerera lisananyamuke. M'miyezi ya Juni ndi Julayi dzuwa limalowa isanakwane 6 koloko, ndipo mdima umagwa msanga. Amene dzuwa lafika paliwombo asanafike pansonga ayenera kutembenuka, ngakhale chipilala chikuoneka.

Nyengo yabwino yokwera ndi iti?

Ndi chilimwe, kuyambira Meyi mpaka Okutobala, koma miyezi imeneyi si yofanana. Meyi, Juni ndi Julayi kumakhala kowala, udzu ukadali wobiriwira ndipo mitsinje ili ndi madzi, koma usiku kumazizira mpaka madzi kuundana pa udzu. Imeneyi ndiyonso nyengo ya chiperoni. Ogasiti ndi Seputembala kumafunda pang'ono ndipo thanthwe limakhala louma, koma utsi wa moto wa m'tchire umaphimba kutali. Okutobala kumatentha kwambiri pokwera khoma, timitsinje tina timaphwa, ndipo mabingu amayamba.

Dzinja, kuyambira Novembala mpaka Epulo, si nthawi ya Sapitwa. Mulanje ndi limodzi mwa madera a mvula yambiri m'dziko muno, matanthwe amakhala onyowa masiku ambiri, ndipo pansonga yopanda pobisala mphenzi imapeza munthu ali yekha poyera. Ndi nyengo yomweyi imene phiri limagumuka. Anthu a ku Phalombe sadzaiwala madzi ndi miyala zimene zinatsika m'phiri mu Malichi 1991, zimene ambiri amati ndi Napolo, ndipo namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anasiya zipsera m'makoma a phiri zimene zikuonekabe.

Chiperoni n'chiyani, ndipo chimaopsa bwanji?

Ndi mphepo yozizira yochokera kummwera chakummawa, imene imabwera ndi chinyezi cha nyanja yamchere ya India. Dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique, mbali imene mitamboyo imatulukira. Mphepoyi ikagunda makoma a Mulanje imakwera, kuzizira, n'kusanduka nkhungu ndi mvula yamawawa imene imatha kukhala masiku angapo osakata.

M'tauni chiperoni ndi nkhani ya juzi ndi tiyi. Pa Sapitwa chimachita zinthu zitatu nthawi imodzi. Chimabisa njira, moti munthu saona mwala umene uli mamita 10 patsogolo pake, ndipo penti yofiira ija imasowa. Chimanyowetsa thanthwe. Ndipo chimanyowetsa munthu kwinaku mphepo ikumuomba. Chimatha kufika m'mphindi zochepa tsiku limene linacha bwinobwino.

Kuzizira kwake kuli ndi masamu ake. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse okwera. Tsiku limene pa Chitakale pali madigiri 20, pansonga pangakhale madigiri 6, mphepo ndi chinyezi zisanaonjezepo zake. Munthu wonyowa amataya kutentha kwa thupi mofulumira kwambiri kuposa wouma.

Kodi kuzizira kungaphe munthu m'dziko lotentha ngati Malawi?

Inde, ndipo n'kumene kumapha kwambiri m'mapiri otere, kuposa chilombo chilichonse. Thupi likataya kutentha kuposa kumene likupanga, munthu amayamba kunjenjemera, zala zimauma moti amalephera kumanga zingwe za nsapato, lilime limalemera, amapunthwapunthwa. Choopsa n'chakuti nzeru nazo zimazizira. Wodwalayo amakana kuti akudwala, amakwiya, amafuna kukhala pansi kuti agone. Akasiya kunjenjemera pamene akadali wozizira, zinthu zafika poipa, osati pabwino.

Anzake ayenera kumubisa ku mphepo, kumuvula zonyowa n'kumuveka zouma, kumuyalira chikwama kapena udzu kuti asakhale pamwala, kumufunditsa mutu, ndi kumupatsa chakumwa chofunda cha shuga ngati akutha kumeza. Mowa ndi wosayenera: umapatsa munthu kumva ngati wafunda pamene ukutulutsa kutentha kunja.

Phirili lili ndi mbiri yake pa zimenezi. Mu 2003 mayi wina wachitsikana wa ku Netherlands anapita yekha ku Sapitwa ndipo sanabwereko. Mu Julayi 2009 Gabriel Buchmann, katswiri wa zachuma wa ku Brazil, anasiya womuperekeza n'kupitirira yekha atavala zopepuka. Nyengo inasintha, ndipo thupi lake linapezeka patatha masabata oposa awiri, atafa ndi kuzizira. Nkhani yake inajambulidwa mufilimu ya Fellipe Barbosa ya mu 2017. Onse awiri anali achinyamata amphamvu. Chimene chinawasowa si nyonga, koma munthu wodziwa njira.

Nanga mitsinje?

Mulanje ndi nkhokwe ya madzi. Ruo, Likhubula, Thuchila, Lichenya, Sombani, Phalombe ndi Muloza yonse imayambira m'phirili, ndipo madzi a Likhubula amafika mpaka m'mipope ya ku Blantyre. Kwa woyenda, ubwino wake ndi woti sanyamula madzi ambiri pachidikha. Kuipa kwake n'koti thanthwe silimwa madzi. Mvula ikagwa kumtunda, yonse imathamangira m'makwawa nthawi imodzi, ndipo kamtsinje kamene mmawa anakadumpha kamakhala kosaoloka masana, ngakhale pamalopo sipanagwe dontho.

Mu 1949 Fred France, wogwira ntchito za nkhalango ku Chambe, anakokoloka poolotsa gulu pamtsinje wodzaza kumtunda kwa chigwa cha Ruo. Mlembi Laurens van der Post anali pagulupo ndipo anasimba za imfayi m'buku lake la Venture to the Interior la mu 1952. Kanyumba kena ku Chambe kamatchedwa France's Cottage pomukumbukira. Madzi osefukira otere amaphwa msanga monga momwe amadzazira, ndipo kudikira maola angapo patsidya n'kokwanira kawirikawiri.

Woperekeza ndi wofunikadi, kapena n'kungowononga ndalama?

Pa Sapitwa funso limeneli lilibe mbali ziwiri. Magaidi ndi mapota, monga amadzitchulira okha, ndi anthu a m'midzi ya m'tsinde mwa phiri amene ali ndi bungwe lawo ndipo amalandira alendo mosinthana. Gaidi amatsogolera, pota amasenza katundu. Gaidi wabwino amadziwa mwala umene umagwedera, kasupe amene saphwa, phanga lobisalamo mvula, ndi mtundu wa mtambo umene ukubwera ndi chiperoni. Mapu ndi foni zimathandiza, koma foni imatha moto msanga kukazizira, netiweki imapezeka mwa apo ndi apo, ndipo mapu sasonyeza mpata woti munthu adutse pansi pa mwala. Safunsa anadya phula.

Mtengo amagwirizana asananyamuke, ku ofesi, pamodzi ndi nkhani ya chakudya chawo. Katundu wa pota ali ndi malire a kulemera kwake, ndipo si ulemu kumusenzetsa zonse chifukwa choti sakudandaula. Mphamvu za anthu amenewa zimaonekera pa mpikisano wa Porters Race, umene umachitika pakati pa chaka kuyambira ku Likhubula: makilomita oposa 20 okwera ndi kutsika phiri, amene mlendo angayende masiku awiri, opambana amawamaliza maola atatu asanakwane.

Anthu amagona kuti?

M'phiri muli nyumba zogona pafupifupi 10, zotalikirana ulendo wa maola angapo: Chambe, France's Cottage, Chisepo, Thuchila, Chinzama, Sombani, Minunu, Madzeka, Lichenya, ndi Hope's Rest Cottage ya mpingo wa CCAP. Zambiri ndi za dipatimenti ya zankhalango, ndipo bungwe la Mountain Club of Malawi, limene linayamba mu 1952, limathandiza kuzisamalira. Nyumba iliyonse ili ndi mlonda amene amatunga madzi ndi kusonkha moto. Muli pophikira, tebulo ndi pansi pogona; magetsi mulibe, sitolo kulibe. Nyumba sisungidwira gulu limodzi, choncho usiku wina anthu osadziwana amagona mothithikana mozungulira moto.

Wokwera anyamule chiyani?

Choyamba ndi nsapato, ndipo zikhale zozolowereka kuphazi, za pansi pogwira. Nsapato yatsopano imatulutsa matuza tsiku loyamba lomwe. Zovala zikhale zingapo zopyapyala zosanjikiza, kuti munthu azivula akamatuluka thukuta ndi kuvala akaima, kuphatikizapo juzi yaubweya, chipewa, magolovesi ndi chovala chosalowa madzi. Jinzi ndi malaya a thonje zikanyowa zimalemera ndipo siziuma. Zovala zogonera zikulungidwe m'pepala la pulasitiki ndipo zisavalidwe panjira, zivute zitani. Pafunikanso chofunda chochindikala, tochi ndi mabatire apadera, machesi, wenzulo, bandeji, mankhwala opha ululu ndi mankhwala alionse amene munthu amamwa masiku onse.

Chakudya chonse chimagulidwa m'munsi, pa Chitakale kapena pa boma. Ufa, mpunga, usipa, mazira owiritsa, tomato, anyezi, mchere, shuga ndi masamba a tiyi n'zokwanira madzulo. Panjira pamafunika zodya pang'onopang'ono osaphika: mtedza, nthochi, mbatata yootcha, chigumu, buledi wa chiponde. Nyemba zouma zisiyidwe kunyumba. Pa mamita 2,000 madzi amawira pa madigiri 93 m'malo mwa 100, ndiye nyemba zimatha nkhuni za mlonda zisanapse. Madzi a m'mitsinje ya kumtunda ambiri amamwa osawiritsa, koma a pafupi ndi nyumba ndi a m'munsi ndi bwino kuwawiritsa.

Kodi mpweya umachepa pamwamba?

Umachepa ndithu, ndipo kupitirira mamita 2,500 ena amamva mutu, nseru ndi wefuwefu. Pa msinkhu wa Sapitwa vutoli silikula kawirikawiri, makamaka kwa amene wagona usiku umodzi kapena uwiri pachidikha. Mutu ukakula kapena munthu akayamba kusanza, mankhwala ake ndi kutsika.

Kuli zilombo?

Zoopsa n'zochepa. Anthu amati akambuku alipo, koma saoneka. Zimene woyenda amakumana nazo ndi anyani ndi apusi m'munsi, nchima m'nkhalango, mbira pamatanthwe, ndipo mwamwayi chinkhoma chitaima pamwala. Akhwangwala a khosi loyera amazungulira nyumba kudikira chakudya chosiyidwa poyera. Njoka ziliko, ndipo munthu aziyang'ana pamene akuika dzanja pokwera. Phirili lili ndi tinyama tina tosapezeka kwina kulikonse, monga mtundu wina wa nanzikambe umene asayansi anautcha Nadzikambia mlanjensis, dzina lobwerekedwa ku Chichewa.

Mkungudza wotchuka uja ungaoneke panjira?

Woyenda lero amaona zitsa zambiri kuposa mitengo. Mkungudza wa Mulanje, umene asayansi amautcha Widdringtonia whytei pokumbukira Alexander Whyte, umamera mwachilengedwe m'phiri lino lokha, ndipo unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984. Thabwa lake limanunkhira, chiswe sichilidya ndipo siliola msanga, ndipo ubwino womwewo ndi umene unauthetsa. Ngakhale phirili lakhala nkhalango yotetezedwa kuyambira 1927, ocheka matabwa mozemba ndi moto wolusa zinaupulula, moti kalembera wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust pamodzi ndi a zankhalango ndi anthu a m'midzi akhala akufesa ndi kubzala mbande zambirimbiri, ndipo timitengo tating'ono tikuoneka m'malo ena pafupi ndi nyumba zogona.

Mbande zimenezi mdani wake wamkulu ndi moto. M'chilimwe udzu wa pachidikha umayaka ndi kanthu kochepa, ngakhale kachidutswa ka ndudu, choncho moto umasonkhedwa m'nyumba mokha. Zinyalala zonse, mapepala ndi mabotolo omwe, zimatsika ndi mwini wake. Ndipo wogula kabokosi kapena ndodo ya mkungudza m'mbali mwa msewu adziwe kuti ndalama yakeyo ndi imene imatuma macheka kumtunda.

Munthu akasochera kapena kuvulala achite chiyani?

Wosochera m'nkhungu aime pamene ali. Mtima umamuuza kuti atsike kulikonse kumene kwatsetsereka, kapena atsate mtsinje, poganiza kuti ukamufikitsa kumudzi. M'phiri la Mulanje mitsinje imathera pa mathithi ndi maphompho, ndipo wotsika molakwika amafika pamalo oti sangapitirire komanso sangabwerere. Ngati chizindikiro chomaliza chili pafupi, abwerere pomwepo. Ngati sichikuoneka, apeze pobisala mphepo, avale zonse zimene ali nazo, akhalire chikwama, ndipo aziimba wenzulo kapena kuwalitsa tochi mobwerezabwereza. Gulu lisagawikane mwachisawawa.

Wovulala asasiyidwe yekha. Uthenga umapita ku nyumba yapafupi, mlonda n'kuutumiza ku Likhubula. Chithandizo cha kumtunda ndi anthu oyenda pansi, ndipo wothyoka mwendo amatsitsidwa pamachira ndi mapota, ulendo umene ungadye tsiku lathunthu asanafike kuchipatala ku Mulanje kapena ku Phalombe. Ofuna munthu wosowa amayambira pa zimene analemba m'buku la ku ofesi ndi la m'nyumba zogona, ndiye njira ndi tsiku lobwerera zilembedwe zoona.

Kutsika kuli ndi zake zotani?

Ngozi zambiri zing'onozing'ono zimachitika potsika. Thupi latopa, mtima uli kale kunyumba, ndipo mamita oposa 1,000 a masitepe amiyala amagwedeza maondo mpaka miyendo kunjenjemera yokha. Zingwe za nsapato zimangidwe zolimba kuti zala zisamagunde kutsogolo, mapazi aziponda pafupipafupi, ndipo ndodo imachepetsa katundu wa pabondo. Pa matanthwe oima munthu amatsika chokhala kapena chafutambuyo, atayang'ana kuthanthwe.

Otsikira njira ya Chapaluka amadutsa pafupi ndi Dziwe la Nkhalamba, pamene mtsinje umagwa pa mathithi n'kupanga dziwe lakuya, ndipo ambiri amasamba pamenepo kuchotsa fumbi la masiku anayi. Madzi ake ndi ozizira kwambiri, miyala ya m'mphepete ndi yoterera, ndipo anthu anamirapo, choncho wosadziwa kusambira akhale m'mbali mosaya. Kuchokera padziwepo kufika ku Likhubula ndi pafupifupi ola limodzi. Kumeneko gulu limadziwitsa a ku ofesi kuti latsika lonse, kulipira gaidi ndi mapota ndalama zimene anapangana, ndi kunena ngati laona moto, misampha kapena mlatho woonongeka panjira.